Ndowa Yotsiriza ya a Tembenuza

Dzina loti a Tembenuza sanabadwe nalo, analitola pamsika. Mukawapatsira chinthu m'manja, kaya ndi kapu, kaya ndi loko, kaya ndi mbale ya eni ake kumene apita kukacheza, choyamba iwo n'kuchitembenuza kuti aone chidindo cha pansi: chapangidwa kuti? Tsiku lina kuchipatala anatembenuza botolo la mankhwala losatseka bwino, mankhwala onse khuthu pathalauza. Namwino akukalipa, iwo maso ali pansi pa botolo.

"N'lakutsidya," anatero mokhumudwa, ngati amenewo ndiwo matenda amene anabwerera.

Sitolo yawo ya zitsulo ili mumsewu wopita kudepoti, yopanikizika pakati pa wamafoni ndi telala. Ndi chipinda chimodzi chachitali ngati khonde, chonunkha utoto ndi girizi, chokhala ndi kauntala ya thabwa imene misomali inaikanda mpaka kuyera. Koma chimene aliyense amachidziwa m'sitolomo ndi mashelefu awiri oyang'anizana. Ya kumanzere ndi ya zakuno, zopangidwa m'mafakitale a dziko lino. Ya kumanja ndi ya zakutsidya, dziko la kuseri kwa malire lija mabasi amapitako m'mawa n'kukafika dzuwa likupendeka. Katundu wa maiko akutali amangomuunjika pansi pa kauntala, osamuwerengera n'komwe.

"Akutaliwo si anzathu," ankatero. "Anayamba kale ife tisanadzuke. Koma a kutsidyawa tinayambira mzere umodzi. Ndikufuna ndizione ndi maso angawa kuti akuthamanga ndani, wakhala pansi ndani."

Wogulitsa aliyense wanzeru amaika misomali pafupi ndi hamala, utoto pafupi ndi bulashi, kuti kasitomala akatola ichi akumbukire icho. A Tembenuza ayi. Hamala ikakhala yakutsidya, misomali yakuno, ndiye kuti kasitomala adutse chipinda chonse, apunthwe pa mpukutu wa waya, abwererenso. Ndipo mashelefuwo anali ndi malamulo ake awiri amene sankasintha: chopanda chidindo cha fakitale sichikwera, chodontha kapena chong'aluka sichikweranso. Wosema mipini anachonderera mpaka kutopa. Mipini yake ankaigulitsa, inde, koma itatsamira khoma panja.

Kuti mumvetse khalidwe limeneli muyenera kudziwa kuti a Tembenuza sanayambe ndi kugulitsa. Anali munthu wa m'fakitale. Analowa ali mnyamata, wosesa zidutswa za malata pafakitale ya ndowa kumapeto kwa tauni, ndipo anasesa mpaka tsiku lina woyendetsa makina olumikiza thako la ndowa ndi thupi lake atadwala, kapitawo anawaloza ndi chibwano. Pamakina amenewo anakhalapo mpaka imvi zoyamba. Kulira kwake ankakudziwa monga mayi adziwira kulira kwa mwana wake pakati pa ana a eni. Nthawi imeneyo anthu a kutsidya ankabwera kudzagula ndowa kuno, n'kuzimangirira pamwamba pa basi zitalowetsana ngati zipewa. Kwawoko kunali fakitale ya sopo ndi ya nsalu basi, ndipo sopo wake ankatha m'manja musanamalize kusamba.

Kenako zinthu zinayamba kutsokomola. Magetsi ankathima ndowa ili pakati pa makina. Malata ankachedwa kufika. Eni fakitale anayamba kuoneka mwa apo ndi apo, mapeto ake osaonekanso. Tsiku lina kunabwera malole, makina onse n'kukwezedwa, akuti akukagulitsidwa ngati zitsulo zakutha. A Tembenuza anaima pageti kuonerera makina awo akugwedezeka pamwamba pa lole, atamangidwa unyolo ngati mbava. Ndowa zimene zinatsala mosungira katundu anagawana ogwira ntchito, ndipo gawo lawo ndi limene anatsegulira sitolo.

Chaka chotsegulacho, pa mitundu khumi iliyonse ya katundu, isanu ndi iwiri inali kumanzere, itatu yokha kumanja. Mwana wawo wamkazi akuyamba sukulu zinafanana, isanu uku isanu uko, ndipo a Tembenuza anati dziko likungokoka mpweya. Mwanayo akumaliza pulayimale zinali zitatembenuka, itatu kumanzere, isanu ndi iwiri kumanja, kalipentala n'kuitanidwa kudzawonjezera thabwa kumanja. Akumaliza sekondale kalipentala yemweyo anaitanidwanso, ndipo anafunsa mwaulemu ngati sangangozula thabwa limodzi kumanzere, popeza linali longogonapo fumbi.

"Zula dzino lako," anayankha a Tembenuza.

Wowaputa wamkulu anali wamafoni, bambo wa pakamwa posatseka amene wailesi yake sithima. Akangomva kanthu, mutu suzi pakhomo la sitolo.

"Madala, mwamva? Akuti mafakitale athu chaka chino akula mofulumira kuposa a kutsidya. Tawapitirira!"

"Tawapitirira poti? Talowa. Kumanzereku kuli mitundu ingati?"

"Inayi."

"Kumanja?"

"Aa, madala, ndani angawerenge zonsezo?"

"Makumi anayi. Tsono ine ndikawonjezera umodzi kumanzere, ndakula gawo limodzi mwa magawo anayi, wailesi yakoyo iimbe nyimbo. Awa akawonjezera iwiri kumanja, akula pang'ono chabe, kagawo kamodzi mwa makumi awiri. Koma dzulo amatiposa ndi makumi atatu ndi isanu ndi umodzi, lero akutiposa ndi makumi atatu ndi isanu ndi iwiri. Ndiye tawapitirira, kapena tikuwaonera kumsana?"

"Inu mumangodana ndi nkhani yabwino."

"Nkhani yabwino ndimaikonda. Ingobwera ndi chidindo pansi."

Zoona, shelefu si dziko. Siwerenga simenti, siwerenga shuga, siwerenga nsalu, ndipo mwana wawo ankawauza zimenezo kawirikawiri. Iwo ankayankha kuti simenti akawerenge ogulitsa simenti.

Mwanayo anthu amamutcha Sipanala, chifukwa ali wamng'ono ankagona atakumbatira sipanala m'malo mwa chidole, ndipo atangosinkhukirapo anamasula makina a telala onse kuti aone chimene chimalira mkatimo. Anapita kusukulu ya ntchito zamanja n'kubwerako ndi pepala la umakaniko wa makina a m'fakitale, kubwerera m'tauni yopanda fakitale. Ankangokonza majenereta ndi mapampu a anthu kuseri kwa sitolo, pansi pa lona, manja ake akuchita ntchito ya mwana pomwe mutu unali ndi nzeru za munthu wamkulu. Ndiye tsiku lina foni yake inalira. Fakitale ya mapoto ya kutsidya inali kuwonjezera makina, ikufuna amakaniko. Malo amusungira mpaka mvula yoyamba. Ikangogwa iye asanafike, apatsa wina.

Msinkhu anali nawo, pasipoti anali nayo, panalibe womumanga miyendo. Koma Sipanala sankafuna kukwera basi bambo ake atamulozetsa msana. Anadikira nthawi yotseka sitolo, amayi ake akusesa, n'kuyamba.

"Ababa, andiitana kutsidya."

"Akuitanire chiyani? Ana awo atha?"

"Akufuna odziwa makina."

"Ndiye ndikulere ine, ndikuphunzitse ine, ukadzaze shelefu ya eni ake? Makasitomala atitengera, tsopano akufuna ndi manja omwe?"

"Nanga kuno ndikonze chiyani, ababa? Jenereta ya telala ndaikonza mpaka ikandiona imalira yokha."

"Mafakitale adzatsegulidwanso."

"Liti?"

A Tembenuza anayamba kupukuta kauntala imene inali yopukuta kale. Mkazi wawo anaimitsa tsache.

"Bambo a mwana, mwanayu wafunsa kuti liti."

"Chabwino!" Anamenya kauntala mpaka mabauti kudumpha m'chitini. "Tsiku limene shelefu ya kumanzereyi idzakhale mbee, yopanda kanthu, udzapite. Chikwama ndidzakunyamulira ndekha mpaka kudepoti. Koma pakakhala chinthu ngakhale chimodzi, dziko lino likadapuma, ndipo iwe sukusuntha."

"Mwamva, amayi?"

"Ndamva. Telala wamvanso, khomali ndi lopyapyala."

Analankhula molimba mtima chifukwa kumanzere kunali utoto, misomali, makasu, ndi ndowa zisanu ndi imodzi zotsala za fakitale yakale ija, za malata okhuthala, zolemera, zimene anthu ankazilambalala n'kugula zapulasitiki. Mitundu inayi sitha m'chilimwe chimodzi, anadziuza motero.

Koma chaka chimenecho chinachita ngati chamva. Opanga utoto anatseka, n'kuyamba kungoitanitsa wakunja. Makasu anangosowa osatsanzika. Misomali inabwera m'katoni yofanana ndi yakale, mtundu womwewo, chithunzi chomwecho, ndipo a Tembenuza anaiika kumanzere mwachangu osaitembenuza, koyamba m'moyo wawo. Sipanala anaitsitsa, n'kuitembenuza, n'kuwasonyeza ndi chala chakuda ndi oyilo.

"Apa alemba kuti yapakidwa kuno. Apa alemba kumene yapangidwa. Werengani nokha, ababa."

"Maso anga akuvuta lero."

"Ndikuwerengereni?"

"Kupakira si ntchito? Katoniyi inadzipinda yokha?"

"Ndiye tikhuthule misomali, katoni ikhale kumanzere."

Misomali inasamukira kumanja. Kunatsala ndowa zokha, ndipo apa mpamene a Tembenuza anazindikira kuti mdani ali m'nyumba. Mkazi wawo, amene zaka zonsezi sankaziyang'ana n'komwe ndowazo, anasanduka wogulitsa wa lilime lakuthwa. Iwo akangoti apite kukadya, pobwera ndowa zachepa.

"Mayi a mwana, zinali zisanu izi."

"Zagulidwa. Si sitolo ino?"

"Wagula ndani?"

"Munthu. Ndinamuuza kuti adzasiyira zidzukulu. Ndanama?"

Sananame, ndipo chimenecho ndicho chinawapweteka kwambiri. Itatsala imodzi, a Tembenuza anaimangirira kushelefu ndi waya, n'kusiya kupita kukadya. Ankadyera pakauntala, maso ali pandowa, ngati mlonda wa banki.

Anayesa njira zina. Tsiku lina m'mawa Sipanala anapeza kumanzere kuli masache atatu ndi mipini.

"Ababa, chidindo chili pati?"

"Zapangidwa kuno."

"Wosema mipini munamubweza kangati? Ndimuitane adzamve kuti lamulo lasintha?"

Mipini inabwerera panja. Tsiku lina anakwera basi mpaka tauni ina chifukwa anamva mphekesera yoti kumeneko kuli fakitale ya mahinjesi. Anaipezadi, geti lake lopakidwa utoto watsopano, mkati mukugulitsidwa zovala zakaunjika. Anabwera ali fumbi lokhalokha, ndipo wamafoni atasuzumira anangoona nkhope n'kubweza mutu.

Choipitsitsa chinachitika pamene kunabwera mayi wina wochapa zovala za anthu, wamanja otuwa ndi sopo, wodziwa chimene akufuna.

"Ndipatseni ndowa iyo."

"Imeneyo ndi yolemera, mayi. Muthyoka khosi. Tengani yapulasitikiyi."

"Khosi ndi langa. Zapulasitiki ndaswa zitatu."

"Imadontha."

"Yodontha mwaiika pashelefu? Inu amene? Tatsitsani ndione."

Apa zinthu ziwiri zinakokana m'chifuwa mwa a Tembenuza, ndipo chinapambana ndi chimene sichinayenere kupambana.

"Siidontha! Ndowa imeneyi mutha kuiponya kuchokera padenga, n'kutsika, n'kutungira madzi. Ndinailumikiza ndekha ndi manja awa!"

"Ndiye ndipatsenitu."

"Siyogulitsa."

Mayiyo anawayang'ana, anayang'ana ndowa yomangidwa ndi waya, n'kutuluka akufunsa mokweza ngati muno ndi m'sitolo kapena mosungira zinthu zakale. Kwa telala kunamveka kuseka kopanikiza.

Kunja kunayamba kutentha kwa mvula isanagwe, mitambo ikuunjikana masana n'kubalalika madzulo. Sipanala anasiya kukangana. Ankabwera m'mawa, kupereka moni mwaulemu, n'kupita kuseri pansi pa lona. Tiyi ankamwera komweko. A Tembenuza akanakonda kukalipiridwa. Ankamva sipanala ikugogoda kuseriko, n'kumayang'ana ndowa yawo, ndipo nthawi zina zinkawavuta kudziwa chimene anamangirira ndi waya uja, ndowa kapena mwana. Mkazi wawo anangonena kamodzi kokha, akupinda nsalu.

"Mvula ikagwa mwanayu akadali pano, mudzadya ndi ndowa yanuyo. Idzakufunsaninso ngati mwagona bwanji."

Ndiye kunafika lole ya katundu wa kutsidya, ija imabwera kamodzi pamwezi. Dalaivala anatsitsa maloko, mapoto, mawilo a wilibala, kenako mulu wa zinthu zonyezimira zolowetsana ngati zipewa.

"Zatsopano izi, madala. Ndowa zamalata. A mapoto aja ayamba kupanga."

A Tembenuza anamva ngati awaponda chala. Anasolola imodzi monyansidwa, n'kuigogoda ndi chikhadabo. Malata opyapyala, kulira kwake ngati chitini cha mkaka. Anaitembenuza kuti aone chidindo. Koma chidindo sanachiwerenge. Chala chawo chachikulu chinali chitaima pamzere wolumikiza thako ndi thupi, pamene panali kakhwinya kakang'ono, kopindikira mkati ngati chikope cha munthu watulo.

Anasolola yachiwiri. Khwinya lomwelo, malo omwewo. Yachitatu chimodzimodzi. Anakhala pansi pachitini cha utoto, ndowa ili pamiyendo.

"Makina amenewa anawatenga kuti?"

"Kaya," anatero dalaivala. "Akuti ena ndi akale, anawagula kwa ogulitsa zitsulo zakutha pafupi ndi malire. Anangowatsuka n'kuwapaka utoto. Bwanji, madala?"

Khwinya limenelo a Tembenuza akanalizindikira ngakhale mumdima. Makina awo aja anabadwa ndi phewa limodzi lotsika. Kuti alumikize bwino pankafunika kachidutswa ka lata pansi pa bauti ya kumanzere, ndipo pomanga unkayamba bauti ya kumanja makina atatenthako. Popanda kachidutswako, ndowa iliyonse inkatuluka ndi khwinya, ndipo khwinyalo likakumana ndi madzi miyezi ingapo, dzimbiri, kenako kudontha. Onyamula makina aja ayenera kuti anakaona kakugwa n'kukakankha ndi phazi ngati chinyalala.

Zaka zonsezi ankaganiza kuti makina awo anasungunulidwa. Tsono ali moyo. Ali moyo, ndipo akutulutsa zamanyazi.

"Mbuli!" Anadzuka, chitini cha utoto n'kugubuduka. "Mbuli zenizeni! Kugula makina osafunsa mwini wake! Sipanala! Iwe Sipanala!"

Sipanala analowa akupukuta manja, amayi ake pambuyo, wamafoni mutu suzi pakhomo.

"Gwira apa. Ukumva chiyani?"

"Khwinya."

"Lachokera kuti?"

Sipanala anayendetsa chala, n'kupendeketsa ndowayo kuwala. "Mbali imodzi ikupsinja kuposa inzake. Gudumu silinakhale bwino."

"Gudumu lilibe mlandu! Ndi phewa! Akamangitsa gudumu athyola shafiti, ndipo makina amenewo shafiti yake sudzaipeza pena paliponse. Awa ndi makina anga, mwanawe. Anga! Akufuna kachidutswa pansi pa bauti ya kumanzere, basi. Kachidutswa kokha!"

"Kokhuthala bwanji?"

"Kokhuthala ngati..." Anasakasaka pakauntala. Anatola chivindikiro cha chitini, n'kuchipinda ndi zala ziwiri, n'kuchitaya. Anagwira lata lofolerera, n'kulikankha. "Malata a masiku ano ndi mapepala! Kakapyapyala kaphwanyika tsiku lomwelo, kakakhuthala khwinya lisamukira mbali inayo. Pamafunika lata lakale, lija tinkapangira..."

Maso awo anakwera kumanzere. Sanaganize kawiri, sanaganize n'kamodzi komwe. Anatola pulayala, waya uja dwe, ndowa pakauntala. Anatenga sizasi yodulira malata n'kuilowetsa m'mbali mwa ndowa, pamene lata linali losalala, akulankhula osapuma.

"Utali ngati chala chapakati, m'lifupi zala ziwiri. Kona iyi uidule chonchi kuti isagunde mwendo. Waona? Ukamasule bauti ya kumanzere, ulowetse, koma usamange. Uyatse makina atenthe kaye. Akayamba kulira mosalala ndiye umange ya kumanja, kenako ya kumanzere. Osati kumanzere kaye, wamva? Ukayamba kumanzere wapha ntchito."

Anapala m'mbali mwa kachidutswako ndi fayilo, anakapemerera, anakayang'ana kuwala, n'kukaika m'dzanja la mwana wawo, n'kupinda zala zake pamwamba pake.

"Ndipo ukafika ukawauze kuti girizi wa pashafiti si wongopaka pofuna kusangalatsa alendo. Tsiku lililonse!"

"Ndikafika kuti, ababa?"

Wailesi ya wamafoni inamveka ngati yatsika yokha. A Tembenuza anayang'ana mwana wawo, anayang'ana sizasi m'manja mwawo, kenako ndowa, imene tsopano inali ndi zenera m'nthiti. Pomaliza anatembenuka pang'onopang'ono. Kumanzere kunali matabwa okhaokha, ndi kachidutswa ka waya kakulendewera.

"Ikadali ndowa," anatero ndi mawu otsika. Anainyamula kuti aibwezere.

"Bambo a mwana," anatero mkazi wawo mofatsa, "nditunge madzi tiyese?"

"Bowolo lili pamwamba. Theka ingasunge."

"Chodontha sichikwera," anatero wamafoni pakhomo. "Lamulo lachiwiri, madala. Ine ndimangomva kukhomaku."

"Iwe pita ukagulitse mafoni!"

Anaima choncho, ndowa ili m'manja, shelefu ili patsogolo. Akanatha kuiika. Sitolo ndi yawo, shelefu ndi yawo, ndani akanawamanga? Sipanala anangofumbata kachidutswa kaja. Ndipo a Tembenuza anaona kuti akaibwezera ndowayo, kachidutswako kakhala m'thumba la ovolosi kuseri kwa sitolo, makina awo apitiriza kusanza makwinya mpaka wina adzathyole shafiti, ndipo mwana amene wazindikira vuto ndi chala chimodzi adzakalamba akukonza jenereta ya telala.

Ndowayo anaiponya pansi pa kauntala, pamodzi ndi katundu wa maiko akutali.

"Ukuimiranji? Basi ya mawa ikudikira iwe? Kalongedze!"

Chikwama ananyamuladi okha, monga analonjezera, akudandaula njira yonse. Chikulemera ngati muli injini. Msewu uno maenje ake ndi omwe aja a chaka chatha. Basi yakeyo matayala ake ndi akutsidya, taonani. Padepoti anagwada n'kusuzumira pansi pa mpando wa basi kufuna chidindo, mpaka kondakitala anawafunsa ngati ataya kanthu. Sipanala atakhala pawindo, iwo anagogoda galasi.

"Kumanja kaye!"

"Ndamva, ababa."

"Makina atatentha!"

"Ndamva. Pitani, mvula iyo."

Madontho oyamba anawapeza ali pakati pa msewu wobwerera. Anafika kusitolo atanyowa, n'kukalipira denga, n'kukalipira mkazi wawo chifukwa chosatchera chitini podontha, n'kupita kuseri kukapinda lona uja, n'kukhalako nthawi yaitali kuposa imene lona amafuna.

Sipanala anaimba foni patapita masiku. Makina ndi omwewo, anatero, pamwendo wakumbuyo pali chipsera cha kuwotcherera chimene bambo ake ankanena. Kachidutswa kanalowa ngati kanabadwira pomwepo. A Tembenuza anafunsa za girizi, anafunsa za shafiti, anafunsa ngati makinawo akulira mosalala, ndipo foni itatsala pang'ono kuduka mpamene anafunsa mwachangu ngati akudya.

Lole itabweranso, iwo anali panja dalaivala asanazimitse injini. Anasolola ndowa, n'kuitembenuza, chala chikuyenda mzere wonse kuzungulira mpaka kubwerera pamene chinayambira. Posalala ngati mbale. Anasolola ina. Chimodzimodzi. Analowa nayo m'sitolo n'kuima pakati penipeni, kumanzere matabwa, kumanja katundu mpaka kudenga.

"Madala, mwaima ngati mwasochera," anatero wamafoni.

"Makina ndi akuno. Manja ndi akuno. Kachidutswa n'kakuno. Chakutsidya apa n'chiyani? Magetsi ndi chidindo basi!"

"Ndiye iikeni kumanzere."

"Lamulo ndi chidindo."

Anaiika kumanja, mwaukali, koma patsogolo penipeni, pamene aliyense wolowa amayambira kuona. Mayi wochapa uja atabwera anamugulitsa imodzi asanafunse, n'kumuuza kuti malata ake ndi opyapyala, inde, koma mzere wapansiwo auyang'ane bwino, wolumikiza wake amamudziwa.

Shelefu ya kumanzere ikadalipo, ndipo amaipukuta m'mawa uliwonse. Kalipentala akadutsa amayang'ana kumbali. Sipanala akaimba amanena za kamakina kakang'ono kopinda malata kamene akukajambula, koti kangakwane kuseri kwa sitolo ndipo kangayende ngakhale ndi jenereta ya telala. A Tembenuza amamuuza kuti ndi maloto a ana, kenako n'kufunsa kuti kakufuna malo otalika bwanji. Kuseriko anayeza kale ndi tepi, kawiri, ndipo anafunsa kale wosula zidindo ngati zilembo zing'onozing'ono amazitha.

Tsiku lina mkazi wawo anabwera ndi tiyi, n'kusowa poika chifukwa kauntala inali yodzaza mabauti. Anaika fulasiki pashelefu yopanda kanthuyo. A Tembenuza anainyamula, anaonetsetsa kaye kuti ndi yotseka, n'kuitembenuza.

"Chotsani ichi," anatero. "Malowa ali ndi mwini wake."